Nsalu ya pa Dashibodi

Lolemba, 6 Okutobala

Adalaivala abwera nkhope ili gwaa. Amuna angawa ndimawatchula choncho chiyambire ntchito yonyamula ana a sukulu, ndipo dzinalo amalikonda, koma lero ngakhale kumwetulira ayi. Akuti galimoto yayamba misala. Sikirini ya pa dashibodi, ija imaonetsa liwiro ndi mafuta, ikumachita mdima masana dzuwa likuswa mtengo, manambala osaoneka. Nyali zakutsogolo nazo zikumayaka zokha, anzawo mumsewu n'kumawaphethirira ngati munthu wophunzira kumene.

Ndati mwina ndi batire. Andiyang'ana ngati ndatukwana. "Inu zanu ndi zosoka, amayi."

Chabwino. Laisensi ndili nayo ine, kungoti chiwongolero sandigwiritsa, akuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira. Koma m'galimotomo mumakwera ana a eni ake m'mawa ndi masana, ndipo chimenecho ndicho chandikhala pamtima.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Atsekula boneti, agwedeza mawaya, asintha fyuzi yomwe inalibe vuto. Kagudumu kowonjezera kuwala akapotokola mpaka kumapeto. Palibe chasintha. Chakudya chazizirira patebulo.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndinapita nawo kwa Waya, wamagetsi a galimoto uja wa kuseri kwa msika, poti ndimafuna zipi ndi ulusi cha komweko. Waya sanatsekule n'komwe boneti. Anangosuzumira pawindo n'kuyamba kuseka.

"Alamu, nsalu yokongolayi anasoka ndani?"

Ine monyadira, "Ndine." Ndinaisoka sabata yatha, yochindikala, ya mphonje, yophimba dashibodi yonse kuti isang'aluke ndi dzuwa. Anaipempha ndi Adalaivala omwewo ataona ya mnzawo.

Waya anaikweza. Pansi pa galasi lakutsogolo pali kanthu kakuda, kozungulira ngati batani la jekete. Akuti ndi sensa, imayeza kuwala kwa kunja. Ikaona mdima imauza galimoto kuti kwada, ndiye nyali zimayaka, sikirini n'kuchepetsa kuwala kuti isathobwe woyendetsa m'maso. Nsalu yanga inaiphimba, choncho kwa galimotoyo kunali usiku tsiku lonse. Anationetsa. Kuphimba ndi dzanja, nyali zayaka, sikirini bii. Kuchotsa dzanja, kudikira pang'ono, nyali zazima, sikirini mbee.

Manyazi ake! Njira yonse Adalaivala amangoti, "Telala wathu wazimitsa dzuwa." Ndinaseka nawo, poti mtima unali utakhala pansi. Nsalu ndaiponya kuseri kwa makina osokera, ndisaione.

Lachinayi, 9 Okutobala

Akuti vuto likadalipo. Nyali zasiya kuyaka zokha, inde, koma manambala akadali ofooka ngati pali utsi. Akuti ulusi wa nsalu yanga unalowa mu sensa n'kuiwononga. Ulusi wanji wolowa m'pulasitiki? Takangana mpaka ndatuluka panja kukaanula zovala zosauma n'komwe.

Kenaka foni. Mayi wa mapasa omwe Adalaivala amanyamula, ndipo aimbira ine, osati iwo. Amayankhula mozungulira, mwaulemu, koma nkhani ndi iyi: ana akuti m'mawa galimoto inagunda hampu ya pasukulu mwamphamvu mpaka mitu kugunda denga. "Akuti amalume sanaione."

Hampu imeneyo aidutsa zaka ndi zaka. Ndawapepesa mayiwo, ndati mabuleki tikuwaonetsa. Bodza langa lomwe likundinyansa.

Lachisanu, 10 Okutobala

Atatula ana masana tinabwerera kwa Waya. Ndinakakamira kupita nawo.

Waya analumikiza kakompyuta kake, anawalitsa tochi ya foni pa sensa, anaiphimba, anaivundukula. Akuti ili bwinobwino. Adalaivala osamva, sinthani basi. Waya anakweza mapewa n'kuika yatsopano.

"Nanga pano bwanji, achimwene?"

Iwo anawerama pa chiwongolero, kufinya maso. "Pang'ono. Koma ikadali yakuda."

Ine ndinali chiimire panja, cha ku khomo la mbali inayo, ndipo manambala ndimawawerenga onse kuchokera pamenepo. Amawala mbee.

Adalaivala atapita kukasamba m'manja kumpopi, Waya anandiyandikira uku akupukuta sipanala, maso pansi. "Alamu, galimotoyi ilibe mlandu. Ndikhoza kusintha dashibodi yonse, koma..." Sanamalize. Anangodzikhudza pansi pa diso.

Pobwerera sindimayang'ana msewu, ndimayang'ana iwo. Amayendetsa chifuwa chili pa chiwongolero, mutu atapendeketsa kuti diso lamanja likhale patsogolo. Zinayamba liti zimenezi? Mauthenga a pafoni ndimawawerengera ndine, akuti zilembo za masiku ano n'zazing'ono. Tiyi uja anathira pambali pa kapu, ine n'kumawanena kuti ndi tulo. Munthu ndimagona naye nyumba imodzi, ndimaona ulusi umodzi ukakhota pa kolala ya kasitomala, koma izi osaziona.

Powolokera anthu pa siteji, mayi wina wa diresi yotuwa atasenza beseni analowa mumsewu. Galimoto osachepetsa. Ndinakuwa, "Buleki!" Matayala analira, mayiyo anatilalatira, anthu onse maso pa ife.

"Ndinamuona," anatero.



Loweruka, 11 Okutobala

Ndasoka mkono wa malaya a munthu chagada. Ndasula. Ndasokanso chagada. Ndatseka makina.

Lamulungu, 12 Okutobala

Amatsuka galimoto pabwalo. Ndinalowa, ndinaliza injini, ndinawaitana.

"Tawerengani apa. Mafutawa atifikitsa makilomita angati?"

"Mukundiyesa mwana wa sukulu?"

"Werengani basi, abambo."

Anawerama nthawi yaitali, thovu likudontha m'manja. Ananena nambala, koma sinali imeneyo, ngakhale kuyandikira. Ndinkafuna kulira, m'malo mwake ndinakalipa, ndi mmene ndilili ine. Ndinati mawa mwana wa munthu sakwera m'galimoto iyi iwo ali pa chiwongolero, ndipo akakana makolo ndiwaimbira ndekha.

"Ndiye tidya chiyani, zipi zanuzo? Makolo akangomva kuti sindikuona, kwatha. Palibe adzandipatsenso mwana." Kenaka motsitsa, osandiyang'ana: "Bambo anga anayamba chonchi."

Apongozi anga ndinawapeza ali kale osaona, ogwidwa dzanja, okhalira kufunsa kuti walowa ndani. Ndinati masiku ano zina amachiza, ng'ala amachotsa, tikangopita akaone. Anazimitsa galimoto, makiyi m'thumba, n'kutuluka pageti wapansi, ndowa ndi chinkhupule kuzisiya pomwepo.

Abwera madzulo, adya pang'ono. Makiyi sanawakoleke pa msomali wake. Foni ili apa, nambala ya mayi wa mapasa ndaitsekula n'kuitseka kangapo. Ndikaimba ndawathyola msana amuna anga. Ndikapanda kuimba, mawa ndi ana a eni. Ndikuopa, ndipo ndawakwiyira chifukwa chondiika pamenepa.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndimatereka madzi a tiyi pamene ndinamva injini ikulira. Ndinathamanga opanda nsapato, foni m'manja. Ndinati basi, ndikaima pageti, andigunde ineyo.

Galimoto inali pamalo pake. Khomo la dalaivala lili pululu, pampando palibe munthu. Iwo anali atakhala mbali inayo, malaya ositasita, lamba atamanga kale, manja pa mawondo ngati mlendo.

Nsalu yanga ili pa dashibodi. Anakaitenga kuseri kwa makina, n'kuiboola ndi sizasi yanga yodulira nsalu za anthu, ija sindilola aliyense kuigwira. Bowo lokhotakhota lakuti sensa izionera. Koma poyala anaphonya, bowo lili pambali, sensa yaphimbika, nyali zikuyaka kunja kutayera kale. Iwo osadziwa.

Ndinalowa. Ndinakoka nsaluyo pang'ono ngati ndikuikonza mphonje. Tinadikira. Nyali zinazima, sikirini inawala.

"Ikuoneka bwanji?" anafunsa.

"Ikuwala bwino."

Anagwedeza mutu, maso kutsogolo. "Tiyamba ndi mapasa. Njira ndizikuuzani. Tikatula onse, mundiperekeze ku chipatala cha maso." Kenaka anawonjezera, "Hampu ya pasukulu ija muzichepetsa."

"Ine wa mazira uja?"

Sanaseke, koma anandigwira bondo. Ndinabwerera m'nyumba kukavala nsapato ndi kuzimitsa mbaula. Nditabwera ndinapeza akupapasa pansi pa mpando wa dalaivala, kufuna kachitsulo kaja, kuti ausunthire kutsogolo miyendo yanga ifike.