Chikwama Chobereka

Lachiwiri, 4 Malichi

Lamba wa chikwama waduka lero, ndikutsika minibasi. Masikuludiraiva, burashi, kabotolo ka mafuta, zonse mbwee pamsewu. Kondakitala kuseka, ine kutola.

Ntchito ziwiri. Fotokope ya kwa maloya imatafuna mapepala, ya ku inshuwalansi imalemba mizere yakuda. Zonse zatheka. Zikhadabo bii ndi inki ya ufa ija.

Pobwerera ndadzera kogulitsa zikwama. Mayi wogulitsa, pakamwa pothwa, sanalole n'komwe kuti ndigwire cha paphewa. Akuti munthu wonyamula zitsulo amafunika chobereka. "Taonani phewa lanulo, bambo, latsika ngati sikelo ya wakuba." Ndadziyang'ana pagalasi lake. Zoonadi, ndine wopendekeka. Koma atangotchula kuti chobereka, ndamubwezera chikwama chake pamsomali. Wosoka nsapato wandilumikizira lamba wakale yemweyo.

Chobereka ndili nacho kale. Chili pamwamba pa wadirobu, fumbi lokhalokha. Anandigulira ndi Adona, akazi anga, titangolowa m'banja. Ndinkachikonda. Mpaka tsiku lija alamu anga, achimwene awo a Adona, anandiona nacho pageti anthu ali tho: "Poti mwana akukanika, alamu angoganiza zobereka chikwama." Anthu anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, mano okha. Kuyambira pamenepo, cha paphewa basi.

Mimba ya Adona yalowa mwezi wachisanu ndi chiwiri. Mimba zina zonse zija sizinafike pano. Sindilemba zambiri, ndikuopa. Koma lero kamwanako kandimenya. Ndinaika dzanja pamimba, zii, kenaka gu! pachikhatho penipeni. Munthu m'kati mwa munthu. Ndakhala pamphepete pa bedi kukamwa yasa.

Loweruka, 8 Malichi

Mkangano wa zikwama pakhonde, Adona atakweza miyendo pampando.

Ine mfundo zanga. Cha paphewa umachikokera kutsogolo, zipi ili pamaso pako, opisa m'matumba amangomeza malovu. M'minibasi umachisanjika pamiyendo osavula. Ukafuna sikuludiraiva, dzanja limodzi lokha, walitulutsa. Ukalowa mu ofesi ya eni ake, alonda amakuyesa munthu wa mapepala. Chobereka amakuyesa mwana wa sukulu wobwereza kalasi.

Adona angoti, "Msana ukadzakana, alonda anuwo adzabwera kudzakusisitani?" Za alamu sanatchule. Amadziwa, koma sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi.

Mapazi awo atupa, nsapato sizikulowa. Mutu ukuwawawanso. Akuti n'kutentha chabe. Lolemba kusikelo. Katundu wa kuchipatala sitinalongedze, akuti nthawi ikadalipo yambiri.

Lachitatu, 12 Malichi

Wabadwa. Mtsikana.

Lolemba kusikelo anangoyeza kuthamanga kwa magazi, anamwino n'kuyang'anizana. Osabwereranso kunyumba. Dzulo opaleshoni. Ndinathamangira kunyumba, ndinapakira nsalu, sopo, kapu ndi mswachi m'chikwama cha ntchito chomwechi, pamwamba pa zitsulo. Namwino wamkulu, wa magalasi okhala kunsonga ya mphuno, anapisa dzanja kufuna nsalu, anatulutsa pulayala. "Bambo, mwabwera kudzamasula ndani muno?"

Ndamuona. Ali m'kabokosi kagalasi kofunditsa. Kachipewa kakumugwera m'maso, kachubu m'mphuno. Mwendo wake ndi chala changa chachikulu n'zofanana. Koma zonse zilipo. Makutu ndi mapindo ake. Nsidze. Zikhadabo! Ndani anakhala pansi kupanga zikhadabo zazing'ono chonchi? Ine ndimatsegula makina tsiku ndi tsiku, ndimadziwa timagiya tofunika kugwira ndi kapani, koma ntchito yotere sindinaionepo. Tinthiti tikukwera, tikutsika, popanda wotsegula switchi. Ndaima pagalasipo mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Adona ali wodi ya pansi, mwana wodi ya m'mwamba. Sanamuone bwinobwino. Andifunsa kuti akufanana ndi ndani. Ndati akufanana ndi munthu.

Adokotala sanalonjeze kanthu. Akuti afunde, apume, anenepe, akatero tidzapita naye kunyumba. Akapanda kutero, sanamalize. Dzina sitinamupatse. Tikungoti Kamlendo.

Loweruka, 15 Malichi

Bala la Adona latupa, thupi moto. Masitepe sangakwere.

Namwino wa magalasi wandiitana. Kabokosi kakufunika kwa mwana wina wochepa kuposa wathu. Eti alipo wochepa kuposa wathu! Kamlendo akupuma yekha tsopano, chomwe akufuna ndi chifuwa cha munthu, khungu kukhungu, nthawi zonse. Amati kangaru. Ndinati chabwino, amayi ake akachira. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu chifuwa mulibe? Vulani shati."

Ndasamba m'manja mpaka inki yonse ya m'zikhadabo kutuluka. Ndavula chikwama, ndavula shati. Amayi a muwodimo kubisa nkhope m'nsalu, kuseka. Ndipo ndaona chinthu chomwe sindinachilabadirepo. Mzere wakuda pachifuwa panga, kuchokera paphewa kutsika chopingasa mpaka m'nthiti. Njira ya lamba, ya zaka zonsezi.

Amugoneka pamzere pomwepo. Amanga nsalu.

Sindidziwa ndilembe bwanji. Salemera konse, koma ndinalephera kupuma. Kamtima kake kakuthamanga pamwamba pa wanga, tititi. Anakanda pang'ono ndi tizikhadabo tija, anatembenuza mutu, khutu lake pamtima panga, n'kugona. Kugona ndithu, ngati amandidziwa kale. Namwino akuti kutentha kwanga ndiye bulangete lake. Ine wokonza fotokope, thupi langa lomweli likugwira ntchito ya makina aja. Misozi inatsikira pakachipewa. Sindinapukute, manja ndinaopa kusuntha.

Lachiwiri, 18 Malichi

Tsiku loipa.

Abwana andilola kugwira ntchito m'mawa wokha. Ndikachoka, amayi a bedi loyandikana amandisungira Kamlendo pambali pa wawo. Masana ine. Ndinenso wamtengatenga wa mkaka. Adona amafinyira m'kakapu ka chivundikiro pansi, ine kukwera nako m'mwamba, namwino kuthira m'kachubu.

Mkaka wake ndi madontho. Adona afinya m'mawa wonse, thukuta kamukamu, mano ataluma, kuti ufike pakamzere. Ndinaika kakapu m'chikwama, pakati pa nsalu, manja atanyamula beseni ndi fulasiki. Pamasitepe ndinathamanga. Chikwama chinayamba zake zija, kulendewera uku ndi uku, kenaka pho! pachitsulo chogwirira. Pofika m'mwamba, chivundikiro chatseguka. Mkaka wonse uli m'nsalu ndi m'burashi ya makina.

Ndinabwerera kukawauza. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotenga kakapu, n'kutembenukira kukhoma, n'kuyambiranso.

Kamlendo anadikira ndi njala pachifuwa panga, kakamwa kakutseguka popanda mawu. Pasikelo watsika pang'ono. Namwino akuti zimachitika. Ine ndikudziwa chomwe chachitika.

Lachitatu, 19 Malichi

M'mawa ndakwera pampando, ndatsitsa chobereka. Fumbi, ukonde wa kangaude, m'thumba lam'mbali risiti yofufutika. Zipi ikugwirabe. Ndachikuntha, ndachipukuta ndi nsalu yonyowa.

M'mbali muli kathumba kolimba, kakapu kamaimirira chilili ngati anasokera komweko. Zitsulo pansi, nsalu pamwamba, fulasiki mbali inayo. Malamba awiri, phewa lililonse gawo lake. Ndayenda mowongoka mpaka ndadzidabwa. Masitepe ndakwera, dontho ngakhale limodzi osatayika.

Chinanso. Kutsogolo kulibe chodutsa. Ndikhoza kumanga Kamlendo pachifuwa chikwama chili kumsana. Cha paphewa chija lamba wake akanadutsa pamutu pake penipeni.

Adona atandiona nacho pakhomo la wodi anayang'ana nthawi yaitali. Anangoti, "Chikukukhalanitu."

Mlonda wa kwa maloya wandifunsa ngati ndabwera kudzafunsira ntchito. Ndamuseka.

Loweruka, 22 Malichi



Masana, Kamlendo ali pachifuwa. Ndinazolowera kale kumva tinthiti tikundikankha. Kenaka zii. Ndinadikira. Zii. Ndinasuzumira m'nsalu, milomo yasintha mtundu. Ndinakumbuka zomwe namwino anandionetsa tsiku loyamba, kusisita kamsana, kutekenya kuphazi. Ndinasisita ndi zala ziwiri. Ndinatekenya. Ndinamuitana, sindikudziwa ndi dzina lanji, poti alibe.

Anakoka mpweya. Kenaka kulira, kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Namwino anafika akuthamanga, anamuyeza, anamubwezera pomwepo. Akuti ana obadwa masiku asanakwane amaiwala kupuma, ubongo sunamalize kuphunzira. Akuti chifuwa cha wamkulu chikamakwera ndi kutsika chimawakumbutsa. "Muzingopuma, bambo, iye akuonera kwa inu."

Akuonera kwa ine. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupuma osadziwa kuti ndi ntchito. Tsopano mpweya uliwonse ndikuukoka mosamala, kuti wophunzira wanga asalakwitse.

Adona sindinawauze. Ndidzawauza akadzakwera okha masitepe.

Lamulungu, 30 Malichi

Sabata yathunthu osalemba. Kutopa.

Adona akwera okha Lachinayi, atagwira khoma, ine kumbuyo. Amunyamula koyamba. Ndinatuluka panja kuti alire bwino. Tsopano tikusinthana, iwo m'mawa, ine masana. Sikelo yayamba kukwera. Pang'onopang'ono, koma ikukwera. Kachubu achotsa, akumwera m'kakapu, kalilime kakunyambita.

Lero kwabwera alamu. Muwodi salola alendo, anaima pawindo la m'khonde. Ine ndili m'kati, wopanda shati, nsalu ya maluwa ofiira ya Adona itandizinga, kachipewa kakusuzumira pansi pa chibwano changa. Chikwama chobereka chili pampando poonekera. Ndinati lero ndiye lero, akapeze ponena.

Munthu wa pakamwa uja duu. Chipumi chake pagalasi. Ndinatsegula nsalu pang'ono kuti aone kadzanja. Anavula chipewa.

Nditatuluka ndinawakumbutsa mawu a pageti aja, mwanthabwala. Sakukumbuka! Alumbira kuti sanayankhulepo zotero. Kenaka anati ngati anatero, pakamwa pawo pamafunika zipi. Zaka zonsezi ndapendeketsa phewa chifukwa cha mawu omwe mwini wake anawaiwala asanafike n'kunyumba komwe. Ndaseka mpaka namwino kutithamangitsa m'khonde.

Popita pageti alamu analimbikira kundinyamulira chikwama. Anachibereka okha, mimba patsogolo, malamba osawakwana.

Lachisanu, 11 Epulo

Kunyumba. Tonse atatu.

M'mawa namwino wa magalasi anamuika pasikelo, anayang'ana, anayang'ananso, n'kutseka faelo. Kamlendo wayamba kuyamwa yekha. Akuti kangaru ipitirire kunyumba mpaka iye mwini adzayambe kukana. Ndinayamba kuthokoza bwinobwino. Anandimenya paphewa. "Pitani, a pulayala."

Bala la Adona silinalole kunyamula. Ndiye Kamlendo kutsogolo, m'kati mwa shati, mabatani otsegula. Chikwama kumbuyo, muli nsalu, beseni laling'ono, makapu, mankhwala. Adona pambali atandigwira chigongono. Panja dzuwa, mphepo, mahutala, anthu akuthamangira zawo osadziwa kuti wina akuona zonsezi koyamba. Ndayenda ngati ndasenza madzi odzaza.

Pasiteji minibasi yodzaza. Kondakitala anayang'ana chikwama, anayamba kunena kuti katundu akhale pamiyendo. Kenaka anaona kachipewa. Anamenya denga la galimoto, anakuwa kuti msewu wonse umve: "Tasunthani kutsogoloko! Apatseni malo bambowa, abereka!"

Abereka. Mawu omwe aja. Anthu anasuntha, mayi wina anandilandira chikwama, bambo wina anatseka windo kuti mphepo isalowe. Palibe anaseka. Adona anandifinya dzanja, osandiyang'ana.

Cha paphewa chija ndachikweza pamwamba pa wadirobu, pamalo pomwe panali chinzake. Mzere wa pachifuwa wayamba kufufutika. Dzina tikambirana mawa, Adona akuti ali nalo kale koma akufuna ndiyambe ndine kutchula langa.

Ndikulemba chopendekera, buku pabondo, iye ali pompano m'shati. Akupuma. Ndikupuma. Wadzuka tsopano, akufufuza ndi kakamwa pachifuwa panga, akufuna chokhacho chomwe ine ndilibe. Dikira, mayi, ndikawadzutse amako, dikira pang'