Viza Yatuluka, Mwini Wake Palibe

Okondedwa Azakhali,

Uthenga wakuti viza ya mkazi wanga yatuluka unandipeza kuntchito, ndikusanja mabuku m'mashelefu. Mnzanga atauona pafoni anandikumbatira, amvekere, "Ukwati wayambiranso, achimwene." Sindinamuuze kuti mkazi wangayo munamuika m'manda mwezi watha, ine ndikuonerera pafoni yomweyo.

Ndikhulupirira miyendo yanu yasiya kutupa. Kuno ndili bwino, ndikudya.

Mawu anu ndawamva, ndipo ndikuwalemekeza poti munamulera ndinu. Mukuti viza isapite pachabe, mng'ono wake abwere m'malo mwake, chifukwa nkhope ndi imodzi ndipo a pabwalo la ndege sayang'anitsitsa. Mwatinso ndimuphunzitse mayankho amene ndinapereka ku ofesi ya maviza ija pondifunsa za ukwati wathu: mbali ya bedi imene malemu ankagona, chipsera cha pabondo, dzina limene ndinkamuitana tikakhala awiri. Kenako munaseka, n'kunena kuti, "Mwana wanga, wakufa sakwera ndege."

Zoona, sakwera. Koma mayankho amenewo ndinawapereka kamodzi, kwa mlendo wa kuseri kwa galasi, manyazi atandigwira, chifukwa ndinkafuna mkazi wanga. Sindiwaperekanso. Mlamu wangayo musamukalipire, ndikudziwa kuti maganizowa si ake.

Za miyezi imene ankadwala inu mukundiuza kuti ndi chimfine chabe, kuopa kuti ndingabwerere mapepala asanatuluke, sindifunsa lero.

Mupereke moni kwa onse. Kuno kwatsala jekete limene ndinamugulira kuti adzavale potsika ndege. Lili kuseri kwa chitseko, kapepala ka m'sitolo kakadali pomwepo.

Ine mkamwini wanu.