Mfuti ya Apusi mu Sutikesi ya Mayi Nabanda

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi, ndiponso kuti bondo lija lasiya kuvuta. Kuno kunja ku Croydon thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Kamfuti kampweya koopsezera apusi kumunda kamene ndinakulonjezani sikafika. Ndinakakulunga m'bulangeti, n'kumanga bwinobwino, n'kupatsa mayi Nabanda a kutchalitchi kwathu, amene ankapita ku Dedza kumaliro a mchemwali wawo. Ndinangowauza kuti ndi bulangeti la bambo. Paja kwathu katundu wotumizidwa satsegula, ndi mwano, ndiye iwo anangoponya mu sutikesi.

Ku eyapoti atafunsidwa ngati alongedza okha, anavomera. Makina ataonetsa mfutiyo, apolisi anawatengera m'kachipinda. Mfuti imafunika kuinena poyera ndi kuitsekera m'bokosi lakelake. Ine ndinkadziwa kuti malamulo alipo, koma ndinachita ulesi kufunsa. Pamene ndinkafika kukavomera kuti ndi yanga, ndege inali itapita. Mawa lake mayi Nabanda maliro anaonera pa foni, ali okha m'nyumba.

Sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, ukanandiuza ndikanangokana, basi." Bola akananditukwana.

Chonde Bambo, gwirani nkhuku mupite ndi amalume ku Dedza, mukandipepesere kwa abale awo. Musakandiikire kumbuyo. Apusiwo asiyeni adye chaka chino. Chimanga tidzabzala china, koma mayi aja sadzaikanso mchemwali wawo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mwana wanu,
Tiyamike