Kabotolo Nambala 3

Gulu: a Lachinayi (Delmer, Opal, Wendell)

LACHISANU

[09:12] Delmer: timabotolo mwatiwona? achemwali Opal kanu ndi no 2, kali pawindo la kukhitchini. Wendell kako no 3, ndinakasiya m'bokosi lako la makalata. no 1 ndi kanga

[09:14] Delmer: malamulo ndi akale aja. ndakulunga tepi yakuda kt mtundu usaoneke. aliyense alembe zaka za mowawo, mphamvu yake ndi nsanjika imene mgolo wake unagona ku fakitale. yankho sindiulula mpaka nonse mutalemba

[09:20] Opal: dokotala anati ugone iwe uli busy ndi timabotolo mu garaja. komanso nsapato zako ndazipeza kuseri kwa chitseko, matope okhaokha. unapita kuti lolemba ndi silinda ya mpweya kumsana?

[09:21] Delmer: kokayenda

[09:21] Opal: kokayenda. munthu mapapo atatha

[09:22] Delmer: kkkk atsalako okwanira Lachinayi limodzi

[11:47] Delmer: Wendell?

[15:05] Wendell: ndakapeza

[15:06] Wendell: miyezi 26 osamwa Delmer. unali pomwepo tsiku lija anandinyamula pansi pa thirakitala nditaledzera. ndiwe unayimbira mwana wanga foni. lero ukundiyikira mowa wa bourbon m'bokosi la makalata?

[15:09] Delmer: aise ingotsegula

[15:09] Wendell: ayi

LOWERUKA

[14:31] Opal: 🎤 mawu, 0:52
"Chabwino, ndathira. Hmm. Fungo loyamba ndi shuga wopserera pansi pa poto. Kenako fodya wouma m'chigafa. Kafungo ka chipatso cha tcheri kaliko koma kakubisala. Dikira ndilawe... Mayo ine! Delmer, ameneyu ndi moto. Wandiwotcha mpaka m'makutu. Si wofewa ngati wa tirigu uja tinalawa pa Pasaka, uja ankatsika ngati uchi. Uyu ndi wa mbewu ya rai yambiri ndipo wadzitsekera, sakufuna kuyankhula."

[14:36] Opal: zaka 11, mphamvu 130, nsanjika ya pamwamba penipeni kumene kumatentha. ya 6 kapena 7

[14:38] Delmer: sankhani imodzi achemwali. zaka 27 mukutseka mabotolo ku fakitale simudziwa kt timalemba imodzi?

[14:38] Opal: 7

[14:40] Opal: ndadonthezamo madzi kt atseguke koma wangofa

[14:41] Delmer: madzi ake ati

[14:41] Opal: a pampopi

[14:42] Delmer: a mankhwala aja?? mgolo umenewo ndinaugubuduza ndekha ndi msana wanga uno, inu nkuuthira madzi ochapira mbale

[14:44] Opal: ndiye nditani. wa madzi wathu anasiya kubwera. zaka 20 Lachinayi lililonse Wendell ankatsikira kukasupe wa kumunsi kwa munda wa malemu bambo, nkubwera ndi botolo la jamu lodzaza. ine ndi mawondo angawa chigwembe chija sindingatsike

[14:45] Opal: sry Wendell, sindikukunena

[14:47] Delmer: musathirenso chilichonse. siyani theka, Lachinayi mudzamumva bwino

LAMULUNGU

[12:18] Delmer: 🎤 mawu, 1:06
"Wendell. Mnzanga. Ndikhululukire kapumidweka... makinawa akundisokoneza. Tonse atatu tikudziwa kuti mphuno yabwino ndi yako. Ine ndimangolota, achemwali amangokalipa... iwe unkanunkhiza kamodzi nkutchula nsanjika. Sindinati umwe. Ndati utsegule. Ndipo Lachinayi ubwere nako. Chichokereni iwe sunapondenso m'nyumba muno. Sindikukuimba mlandu. Koma mpando wako uja... palibe amakhalapo. Ndikhulupirire."

[13:40] Wendell: ndikhulupirire. mawu amenewo ndi amene ndinkauza mkazi wanga mpaka analongedza katundu

[13:42] Wendell: kwa iwe kutsegula ndi kumwa ndi zinthu ziwiri. kwa ine ndi chinthu chimodzi

[13:45] Wendell: ndakayika m'chigafa pamtanda wa pamwamba, sindinakagwedeze nkomwe. koma ndikamadya ndikudziwa pamene kali. ndikamameta ndevu ndikudziwa pamene kali. ku Misa lero ndimaganiza za iko. kumsonkhano wa anzanga osiya mowa ndapita kawiri chiyambire lachisanu

[13:47] Wendell: mwana wanga Darla wangoyamba kumene kundilola kunyamula khanda lake. ukufuna ndisinthanitse zimenezo ndi game yako?

[13:52] Opal: Delmer muuze mnzako zimene zilimo zithe. kapena umupepese

[13:58] Delmer: sanalembe. lamulo ndi lamulo

[13:59] Opal: lamulo lako lomwelo unalipeka wekha pakhonde utakhuta nkhumba yowotcha

[14:01] Delmer: ndiye lakhala zaka 22

[14:03] Wendell: khala nalo

LOLEMBA

[10:26] Opal: Wendell ndikulemba pano pomwe kt nayenso awerenge, sindibisa. nesi wabwera. abweretsa bedi la kuchipatala, taliyika pabalaza. wati tiwerenge masiku, osati masabata

[10:28] Opal: ndamufunsa pandekha za kabotolo kako, wangondiyang'ana nkutseka maso. mutu wouma ngati malemu bambo

[10:29] Opal: akulakwa, ndikuvomereza. koma ndi mlongo wanga ndipo akupita. bwera ngakhale opanda kabotoloko plz

[11:15] Wendell: achemwali nyumba imeneyo khoma lonse la pabalaza ndi mabotolo. ndikangolowa fungo limandipeza pakhomo. sindingathe

[11:16] Wendell: ndipo ndakwiya naye. sindinama

[16:02] Delmer: mphuno yke idzw

[16:02] Delmer: idziwa

[16:09] Opal: foni yamugwa m'manja. wagona

LACHIWIRI

[09:44] Opal: mmawa uno wandilamula kt ndichotse mabotolo onse pabalaza. ONSE. ndawatsitsira kuchipinda cha pansi, maulendo 14, mawondo alira. wati nditsegule mawindo, ndikolope ndi viniga. watsala no 1 ndi theka langa lija basi, zili mu kabati zotseka

[09:45] Opal: ndamufunsa chfkwa chake wati kukubwera mlendo

[13:30] Opal: Wendell

[17:12] Opal: ndaona kt wawerenga

LACHITATU

[11:03] Opal: bambo mfumu abwera, amudzoza. sakudyanso. nesi wandipatsa kasiponji ka pakamtengo konyowetsera milomo

[11:05] Opal: mawu atha. ukamufunsa chinthu amafinya dzanja. kamodzi ndi eya

[11:06] Opal: galimoto ikadutsa pamsewu akutembenuzira maso kuwindo

[15:48] Opal: 📞 Wendell sanayankhe

[15:50] Opal: 📞 Wendell sanayankhe

[15:53] Opal: ndingodziwa kt uli bho. ngakhale chilembo chimodzi. ndili ndi mantha ndi anthu awiri tsopano

[18:20] Wendell: sindinamwe

[18:21] Opal: zkm Ambuye

LACHINAYI

[13:02] Wendell: ndatopa nako. ndikukakatsitsa pamtanda ndikakhuthule kuseri kwa chigafa. ndigwira mpweya, ndiyang'ana kumbali. zina ndiona pambuyo

[13:03] Opal: ok. ndili pano. ukamaliza ulembe

[13:11] Opal: wataya?

[13:17] Opal: Wendell

[13:24] Opal: Wendell yankha. ndiyimbira Darla

[13:26] Wendell: 🎤 mawu, 1:31
"Achemwali... musayimbe. Ndakhala pansi pa dothi pano. Ndinagwira mpweya monga ndinanenera. Ndayamba kukhuthula. Koma tepi ija inandivuta, zina zinagwera padzanja, ndiye mpweya unandithera. Ndapuma. Ndimadikira moto uja m'mphuno... palibe. Palibe chilichonse. Ndayang'ana, akutsika oyera mbee. Ndanunkhiza. Mwala wonyowa. Masamba ovunda a pansi pa mtengo uja unagwa. Ndi ka minti kaja kamamera m'mbali. Achemwali, ndi madzi. Ndi madzi a kukasupe kwa bambo anu. Chitsiru chimenechi... chinatsika chigwembe chija ndi silinda kumsana. Chinatsika chokha."

[13:29] Opal: matope aja

[13:29] Opal: mayo Delmer

[13:31] Wendell: masiku 6 ndikuthawa madzi. masiku 6 amene ndikanakhala naye

[13:32] Opal: zimenezo udzalira mawa. akupuma. lemba yankho lako, ukudziwa sangavomere popanda kulemba

[13:35] Wendell: no 3. mphamvu 0. nsanjika palibe, amatuluka pansi pa thanthwe. zaka sindingawerenge. anatungidwa kumanzere kumene kulibe mchenga, pamene ndinamuonetsa ine

[13:39] Opal: ndamuwerengera kukhutu

[13:39] Opal: wafinya kamodzi

[13:40] Opal: sakundisiya dzanja, ndikulemba ndi chala chimodzi. atsalamo angati

[13:41] Wendell: pang'ono zedi. mwina supuni ziwiri. ena onse amwedwa ndi udzu

[13:41] Opal: timangofuna madontho atatu. nyamuka

[13:42] Wendell: ndili m'galimoto

[14:09] Wendell: ndafika. ndili pageti

[14:13] Opal: ndikukuona pawindo. tsika

[14:14] Wendell: nanga fungo lija

[14:14] Opal: pabalaza pakununkha viniga ndi mankhwala basi. anakonzera iwe. kuthira ndithira ine kukhitchini, iwe udzangodontheza madzi nkubwerera kumpando wako

[14:15] Wendell: nanga ndikalephera

[14:15] Opal: ndikutulutsa ndekha ndi tsache. tsika Wendell, wamva kulira kwa galimoto yako, maso ali pachitseko

[16:50] Opal: ndikulemba zotsatira poti mwini gulu sangathe, ndipo sitinadumphepo chiyambire. mayankho anali mu envelopu pansi pa no 1

[16:52] Opal: no 1 ndi no 2 mgolo umodzi, womaliza umene anagubuduza asanapume pantchito. zaka 12, mphamvu 131, nsanjika ya 6. ndaphonya zonse, ya 6 ija ndinayitchula nkuyitaya ndekha

[16:53] Opal: no 3 Wendell wakhoza zonse. pansi pake analemba kt: wa madzi abwerere pantchito

[16:56] Opal: madontho atatu mu theka langa lija. tcheri uja watuluka, kenako vanila, kenako chikopa cha chishalo. moto wagona pansi. ndi mowa wina ndithu. Wendell wamwa khofi makapu awiri, mowa sanalawe

[16:58] Opal: Delmer tamunyowetsa milomo ndi kasiponji. anakhala nthawi yaitali osagwedezeka, tinkaganiza kt wagona. kenako wanena liwu limodzi, tonse talimva

[16:58] Opal: watseguka

LACHISANU

[07:31] Opal: wapita 6:50 mmawa uno. Wendell anamugwira dzanja lamanja, ine lamanzere. mwambo wa maliro lolemba 10 koloko kutchalitchi

LACHINAYI

[15:20] Wendell: Delmer ndatsika kukasupe. mapazi ako akuonekabe m'matope, ndi pamene unakhala pansi kupuma. malo anayi aise. ndawerenga

[15:21] Wendell: ndikudziwa suwerenga. ndakwiyabe nawe pang'ono

[15:34] Wendell: achemwali botolo la jamu ladzaza. no 1 kakadali kosatsegula eti?

[15:36] Opal: kakudikira madzi ako. khofi wako ndateleka kale

[15:36] Wendell: 5 koloko