Kabotolo ka Monde

Kanyama, Lusaka

Okondedwa akulu anga ba Virginia,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe, inu ndi alamu anga ba Kapambwe? Nanga kamwana kanu Hosea, mano aja anatha kumera? Ife kuno tilipo. Mvula yayambanso, zimbudzi zasefukira monga chaka chatha, ndipo tikuyenda pamwamba pa njerwa.

Ndamva kwa amalume kuti kolera yafika kwanuko, ndipo a katemera atabwera munawathamangitsa ndi tsache. Akuti munalumbira kuti Hosea sadzamwa mankhwala amene analephera kupulumutsa Monde. N'chifukwa chake ndalemba. Musawerenge muli chiimire.

Katemera sanalephere, akulu anga. Monde wanu sanamwe.

Mukukumbukira kuti munandisiyira Monde mukuti ndi miyezi itatu chabe, koma zinakwana zaka ziwiri. Kolera itavuta, a kukiliniki analemba maina a ana a mumzere wa nyumba zathu, napatsa aliyense khadi. Anati akamwa katemera, pakapita masabata awiri adzabwera kudzatenga timagazi, aone ngati thupi lapanga asilikali omenyana ndi matendawo.

Tsiku lomwera, mbiri inamveka pamzere kuti timabotolo tachepa, aliyense kamodzi basi. Chipo wanga mukumudziwa, wodwaladwala chibadwire. Ndinaganiza kuti kamodzi sikamukwanira. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma amene ananena mawuwo sanaimepo pamzere wa katemera.

Monde ndinamutuma kukagulitsa tomato kumsika. Chipo anamwa m'mawa kusukulu ndi khadi lake. Inki imene anamupaka pachala atamwa ndinaipala ndi mchenga ndi ndimu mpaka mwana analira. Masana ndinamuveka diresi la Monde, tinakamwa kutchalitchi ndi khadi la Monde. Ana awiriwa anafanana, palibe anatifunsa.

Madzulo Monde anandifunsa kuti iye adzamwa liti. Ndinamuyankha kuti katemera wa ana otayidwa ndi amayi awo sanabwere. Sanalire. Anangotenga mbale nakatsuka.

Timagazi anatenga kwa onse awiri pakhomo pano, aliyense ndi dzina lake lenileni. Patangopita masiku anayi Monde anayamba kutsegula m'mimba. Ndinati ndi mango osapsa, ndinachedwa naye tsiku lathunthu. Zotsala mukuzidziwa. Anamukulunga m'pulasitiki, sitinamusambitse, ndipo inu munafika kumanda a Chunga dothi atakwirira kale.

Pamanda paja munatukwana anesi, mukugwedeza khadi lake lodindidwa. Ine ndinakugwirani m'chiuno ndi kukuthandizani kutukwana. Chipo atayamba kunena za diresi, ndinamumenya pakamwa.

Mu Epulo kunabwera nesi wina, ba Nsama, ndi pepala la zotsatira. Anati m'magazi a Monde sanapezemo asilikali aja, ngati kuti sanamwe n'komwe. Anati zimachitika kwa ana ena, makamaka osadya mokwanira. Ponena zimenezo anayang'ana mikono yonenepa ya Chipo, kenako anayang'ana ine. Ndinangoti zoona, mwanayo anali wosankha zakudya. Inunso mukudziwa kuti Monde sankasankha kanthu.

Ndinafunsa ngati za munthu wina, kuti kodi mwana akamwa kawiri tsiku limodzi amalimba kwambiri. Ba Nsama anapukusa mutu. Anati thupi limafuna nthawi kuti liphunzire, kachiwiri kamathandiza pakapita masabata, koma tsiku lomwelo ndiye kungotaya. Asilikali a Chipo ndi ochuluka chimodzimodzi ndi a ana anzake amene anamwa kamodzi.

Mwamva, akulu anga? Ndinamulanda pachabe.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikanakhala ine sindikanakhululuka. Kunena zoona ndinkakusungirani mkwiyo, inu mukudya bwino ku Kitwe ine ndikulera wanu, ndipo mkwiyowo ndinauthira pa mwana. Ndikuona manyazi, ndipo kalatayi ndailemba katatu ndikung'amba.

Ndidani mpaka imfa, koma muyambe mwapita ndi Hosea kukiliniki. Mumubereke nokha, muime pomwepo, muone ndi maso anu kuti wameza. Musatume munthu, ngakhale m'bale wanu wa bere limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, ngati mudzathe kutchula dzina langa. Mulungu asunge Hosea.

Ndine mng'ono wanu,
Towela