Atichotsera Wothandiza mu Foni

Lolemba, 9 Juni

Atichotsera wothandiza wa AI wotilembera Chingerezi. Ndatsegula apu ya zolinga za ntchito m'basi, tili pa msewu wa Mosi-oa-Tunya, kabatani kake kazima. Ndadina kasanu. Zii.

Kuloji ya alendo kumene ndigwira ntchito, ba Inonge, kapitawo wa ife oyeretsa zipinda, anatisonkhanitsa kochapira. Akuti ofesi yatseka AI kwa ife, atsala nayo ni akuluakulu chabe, chifukwa malipoti athu onse akumveka ngati walemba munthu mmodzi wa ku yunivesite. Loyce, mnzanga wa ntchito, anati mwina tonse tinaphunzira kalasi imodzi. Anthu anaseka. Ine ayi.

Lipoti langa la miyezi itatu likufunika Lachisanu, m'Chingerezi. Akaliona mpamene anene ngati andipatsa kontilakiti kapena ndibwerere kunyumba. Nanga mwana wanga Sepo ndimulera ndi chiyani.

Lachiwiri, 10 Juni

Zipinda 14. Msana. Sepo akukhosomolabe, kuzizira uku.

Lachitatu, 11 Juni

Tikuyala bedi mu chipinda 8, Loyce wandiuza kuti zonse zimene tinkauza wothandiza ba Inonge atha kuziwerenga pa kompyuta yawo. Zonse, kuyambira tsiku loyamba.

Ine ka AI aka ndinkalankhula nako ngati munthu. Ndimabisala m'sitolo ya matawulo, ndidina, ndinena m'Chinyanja, iko kalemba Chingerezi. Sabata yoyamba ndinakauza kuti ndinalekera Giredi 7 koma pa fomu yofunsira ntchito ndinalemba 12, kakonze asadziwe. Kanati bodza sikalemba, koma Chingerezi kakonza. Ndinakauzanso tsiku lija ndinathawa masana kupita ndi Sepo ku kiliniki, Loyce n'kunditsirizira zipinda. Manje ndamuika naye m'moto. Sindinamuuze.

Ndimayesa mawuwo amathera m'foni mwanga momwemo.

Lachinayi, 12 Juni

Nthawi ya tiyi ndayesa kulemba ndekha. Mizere itatu. Ndimayeretsa zipinda 14, palibe mlendo wadandaula, ndikufuna kuphunzira kusita. Mawu ena ndakopera pa chikwangwani cha kuseri kwa chitseko. Ndatumiza choncho ndisanasinthe maganizo.

Ba Inonge andipeza pa masitepe ndi ndowa. "Zione, chifuwa cha mwana chili bwanji?"

Sindinawauzepo za mwana. Awerenga.

Sindinadye. Ndatopa ndi mantha kuposa ntchito.

Lachisanu, 13 Juni

Ba Inonge anandiitana ndisanavale n'komwe yunifomu. Ndege ya m'mawa imatera, mazenera a ofesi akunjenjemera. Pa kompyuta panali mayina athu onse, dzina lililonse ndi kabokosi kake pambali. Pa tebulo fomu yanga ija.

Anati anawerenga zonse, ni ntchito yawo. Za Loyce anati tsiku lina ndizipempha chilolezo, osathawa ngati wakuba. Kenako anandikankhira fomu ndi bolopeni.

"Konza wekha. Lemba chimene unafika."

Ndinadula 12, ndinalemba 7. Inatuluka yokhota ngati khasu. Anandiuza ndisaine pambali, nawo anasaina.

Lipoti langa analiwerenga mokweza, mizere itatu yonse, osaseka. Anati mwa malipoti onse a chaka chino ili lokha ndi limene adziwa mwini wake. Kontilakiti miyezi sikisi, Lolemba ndikasaine. Kusita ndiyambe Lachiwiri.

Ndikutuluka anadina kabokosi ka dzina langa. Akuti aliyense wovutika ndi Chingerezi amutsegulira, bola abwere anene yekha. Sabata yonse palibe anabwera, tonse manyazi.

"Koma iwe, aka si mkulu wako wobadwa naye. Chimene ukauza chimafika pa tebulo pano."

M'basi pobwerera kabatani kayaka. Ndadina, ndati zipinda 14, matawulo asowa awiri mu 8. Kalemba bwinobwino, kafunsa ngati pali china. Pakamwa panali patatseguka kale kuti ndinene kuti Sepo lero wadya, chifuwa chachepa.

Ndaika foni m'chikwama. Za Sepo ndalemba muno m'kabuku kanga.