Nambala Ija Ndinalakwitsa Ndine

Balaka,
14 Novembala, 2005

Okondedwa achimwene a Swaibu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno njala yabweranso. Ku Phalula anthu akuswera pamzere wa chimanga, mango akuthyoledwa osakhwima.

Bungwe lathu lija latsegulanso ofesi ya pano, ndipo sabata yatha anandituma kuwonjezera layini yachitatu pa rauta, makina aja olumikiza makompyuta athu ndi a ku Blantyre. Nditatsegula kabati ya rautayo ndinapeza kapepala kanu ka manambala kakadali pomwe munakamata, ndi zilembo zanu zopendekera zija. Ndinayamba ndakhala pansi.

Mukukumbuka 2002? Maina a mabanja ovutika a ku Nayuchi ndi kwa Nsamala ankayenera kufika ku Blantyre kuti malole a chimanga anyamuke, koma layini imodzi yotumizira mauthenga, ya frame relay ija, inkachita kukwawa. Itabwera yachiwiri munati, "Jasten, malayini awiriwa tiwamange mtolo umodzi. Rauta iziwaona ngati msewu umodzi wotakata, ina ikaduka inzake izinyamula katundu." Munandionetsa kupanga mtolowo, kulowetsamo layini iliyonse, kenako kulemba nambala ya DLCI, ija imauza uthenga kolowera. Masana tinkagawana chinangwa chimodzi pansi pa mtengo wa nimu, inu mukuseka Chiyao changa chopunduka. Anali masiku oipa, koma ndimawasowa.

Achimwene, pali chimene ndasunga mumtima zaka zitatu. Lachisanu lija munapita kumzikiti n'kundisiyira kuti ndimalizitse, ndinalemba 120 m'malo mwa 102. Nyali zonse za pa rauta zinali zobiriwira, aliyense n'kumati vuto lili ku Blantyre, koma maina sanachoke pano masiku anayi. Lole ya ku Nayuchi inachedwa sabata yathunthu. Nditazindikira ndinakonza mwakachetechete. Bwana Hilary atafunsa kuti, "Anagwira makinawa ndani?" inu munati, "Ndine," ine maso ali pansi. Kontirakiti yanu sanaiwonjezere, ntchitoyo n'kupatsa ine. Kaya munadziwa kuti ndinalakwitsa ndine, kaya iyayi. Sindidziwanso amene sabata imeneyo inawatengera kumanda, ndipo sindinalimbepo mtima kufunsa.

Layini yachitatuyi ikugwira bwino. Manambala ndinawawerenga mokweza katatu, mpaka a Martina, alembi athu atsopano, anafunsa ngati ndikupemphera.

Mayi anu ndinakawaona ku Ntaja pa chikondwerero cha Idi. Ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta. Chaka chowawa ngati chino anandiphera nkhuku, nati, "Ukamamulembera mnzako umuuze asamade nkhawa, m'bale wake wa kuno sanditaya." Nkhukuyo ndinadya. Za nambala ija sindinawauze. Mukati ndikawauze, ndipita ndekha. Mukapanda kuyankha, ndimvetsa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine mng'ono wanu, ngati mungandilolebe,
Jasten